Galimoto zamagetsi: utsi ukutha kapena ukungosamuka?

Mkangano wa galimoto zamagetsi umazunguza mutu chifukwa aliyense amabwera atanyamula choonadi chake. Wina amati galimoto zimenezi sizitulutsa utsi, ndipo sakunama, poti zilibe ngakhale ekizozi. Mnzake amayankha kuti miyala yopangira batire inakumbidwa m'migodi momwe anthu akuvutika, ndipo magetsi otchajira anapangidwa potentha malasha. Ameneyunso akunena zimene zikuchitikadi m'madera ena. Womvetsera amatsala akusowa mtengo wogwira.

Chimene chimawasiyanitsa anthu awiriwa ndi pamene aliyense waima. Woima kumbuyo kwa galimoto amaona mpweya woyera. Woima pakhomo la mgodi amaona fumbi ndi maenje. Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kuitsatira galimotoyo kuyambira ikadali mwala pansi pa nthaka mpaka tsiku limene idzasiye kuyenda.

Ndipo si nkhani ya m'tsogolo ayi. Mu 2024 padziko lonse panagulitsidwa galimoto zotchaja zoposa 17 miliyoni, kutanthauza imodzi mwa galimoto zisanu zilizonse zatsopano. Zoposa theka zinagulidwa ku China kokha.

Galimoto yamagetsi n'chiyani kwenikweni?

Injini ya petulo kapena dizilo ndi ng'anjo yoyenda. Mkati mwake mafuta amaphulika kambirimbiri pa mphindi iliyonse, ndipo kuphulikako n'kumene kumakankha zitsulo zozunguza matayala. Galimoto yamagetsi ilibe moto mkati. Ili ndi batire lalikulu, nthawi zambiri loyalidwa pansi pa mipando, ndi mota imene imazungulira ikalandira magetsi. Kusiyana kwake kuli ngati kwa nyali ya mafuta ndi tochi yotchaja: zonse zimaunika, koma nyali imatentha mafuta ake pomwepo, pamene tochi imagwiritsa ntchito mphamvu imene inapangidwa kwina.

Pali mitundu itatu imene anthu amaisakaniza polankhula. Ina imayendera batire basi. Ina, yotchedwa hybrid, ili ndi injini ya petulo pamodzi ndi kabatire kothandizira, ndipo siilumikizidwa ku magetsi. Toyota Prius imene inatuluka ku Japan mu 1997 ndi ya mtundu umenewu. Yachitatu ndi hybrid yotchaja, imene imayenda makilomita angapo ndi batire kenako injini n'kupitiriza. Chiwerengero cha 17 miliyoni chija chikuphatikiza mtundu woyamba ndi wachitatu.

Ambiri amadabwa akamva kuti galimoto zamagetsi n'zakale ngati zapetulo zomwe. Galimoto yoyamba kuthamanga kupitirira makilomita 100 pa ola inali yamagetsi, ndipo anaiyendetsa Camille Jenatzy wa ku Belgium pafupi ndi mzinda wa Paris mu 1899. Nthawi imeneyo anthu ankazikonda chifukwa zinali zosanunkha, zopanda phokoso, komanso sizinkafuna kupukusa chitsulo ndi dzanja poliza injini, ntchito imene inkathyola anthu mikono. Zinagonja pa zifukwa zitatu: Ford Model T ya mu 1908 inatsitsa mtengo wa galimoto ya petulo, sitata yamagetsi imene Charles Kettering anaika pa Cadillac mu 1912 inathetsa zopukusa zija, ndipo mafuta anayamba kupezeka motchipa. Mabatire a nthawiyo anali olemera koma osunga mphamvu yochepa.

Pali ubwino umodzi wa mota yamagetsi umene palibe amautsutsa. Injini ya petulo imataya mphamvu yambiri ngati kutentha, n'chifukwa chake boneti imatentha ndipo pamafunika madzi oziziritsa. Mphamvu yofika ku matayala nthawi zambiri siipitirira 30 peresenti. Pa galimoto yamagetsi, mphamvu yoposa 75 peresenti imafika ku matayala. Ikamatsika mtunda kapena ikamachepetsa liwiro, mota imasanduka jenereta n'kubweza mphamvu ina m'batire. Ilibenso oyilo wa injini wosintha, mapulagi kapena kilatchi, motero zokonzetsa n'zochepa.

Batire: mtima wa nkhani yonse

Chimene chinadzutsa galimoto zamagetsi kutulo ndi batire la lithium-ion, lomwelo limene lili m'foni ndi m'kompyuta ya m'manja. Kampani ya Sony ndiyo inayamba kuligulitsa mu 1991, ndipo akatswiri atatu amene ntchito yawo inalibala, Stanley Whittingham, John Goodenough ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Tesla Roadster ya mu 2008 ndi Nissan Leaf ya mu 2010 zinaonetsa kuti batire limeneli lingathe kukoka galimoto. Kuchokera mu 2010 mtengo wake watsika ndi pafupifupi 90 peresenti, ndipo kutsika kumeneku ndiko kwasintha zinthu kuposa lamulo lililonse la boma.

Batire la galimoto limasunga mayuniti a magetsi apakati pa 40 ndi 100, ndipo galimoto wamba imatha mayuniti 15 mpaka 20 pa makilomita 100. Limalemera makilogalamu mazana angapo. Kulidzaza kunyumba kumatenga usiku wonse. Pa makina otchaja mwachangu limafika pa 80 peresenti pakangotha theka la ola kapena kupitirirapo pang'ono, zimene n'zochedwabe poyerekeza ndi kuthira petulo. Kuzizira kwambiri kumafupikitsa ulendo umene lingayende, ndipo kutentha kwambiri kumalikalambitsa msanga. Makampani ambiri amalonjeza kuti likhala bwino kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000. Likayaka moto ndi lovuta kuzimitsa chifukwa limatha kuyambanso lokha patapita maola, ngakhale kuti galimoto za petulo nazo zimapsa kawirikawiri ndipo sizimveka m'nyuzi.

Kuwerengera moyo wonse wa galimoto

Apa ndi pamene pagona mkangano waukulu, choncho tiyende pang'onopang'ono.

Mafuta kapena malasha akapsa amatulutsa mpweya wa kaboni. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, ndipo sutsokomoletsa. Vuto lake n'lakuti ukachuluka mumlengalenga umakhala ngati bulangete lofunditsa dziko, lotchinga kutentha kuti kusatuluke. Mafakitale asanayambe, m'tizigawo 1 miliyoni ta mpweya munali tizigawo 280 ta kaboni. Lero tapitirira 420. Ichi ndicho gwero la kusintha kwa nyengo, ndipo n'chifukwa chake mayiko anagwirizana ku Paris mu 2015 kuti ayesetse kuti kutentha kwa dziko kusakwere kupitirira madigiri 1.5. Zamtengatenga zimatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kaboni wochokera ku mafuta, malasha ndi gasi, ndipo wambiri mwa ameneyu ndi wa pamsewu.

Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa kaboni wolemera makilogalamu 2.3, ya dizilo pafupifupi 2.7. Zimamveka zosatheka, poti litayo payokha siikwana kilogalamu, koma mafutawo akamapsa amaphatikana ndi mpweya wa okosijeni ndipo kulemera kumawonjezeka.

Galimoto yamagetsi siitulutsa kaboni ikamayenda, koma imatuluka m'fakitale ili kale ndi ngongole. Kukumba miyala, kuiyenga ndi kupanga batire kumadya mphamvu yambiri, moti tsiku logulidwa imakhala itaipitsa mpweya kuposa inzake ya petulo. Tingaziyerekeze ndi anthu awiri: wina wayamba ndi ngongole yaikulu koma amawononga pang'ono tsiku lililonse, wina wayamba ndi ngongole yaing'ono koma amakongolanso m'mawa uliwonse. Pakapita nthawi wachiwiriyo amampitirira woyamba. Funso lenileni n'lakuti zimenezi zichitika liti.

Yankho lili pa kumene magetsi akuchokera. Ku Norway pafupifupi magetsi onse amachokera ku madzi ndi mphepo, ndipo mu 2024 galimoto pafupifupi 89 pa 100 zilizonse zatsopano kumeneko zinali za batire lokha. Ku France magetsi ambiri ndi a nyukiliya. M'mayiko oterewa ngongole ija imatha msanga. Koma ku South Africa magetsi oposa 80 peresenti amachokera ku malasha, ndipo India ndi Poland nawo amadalira malasha kwambiri. Kumeneko utsi umene wachoka ku ekizozi umakatulukira ku chumuni cha siteshoni ya magetsi.

Bungwe la International Council on Clean Transportation linawerengera zonsezi mu 2021, kuyambira kumgodi mpaka kutha kwa galimoto. Linapeza kuti galimoto yamagetsi ya saizi yapakati imatulutsa kaboni wochepa, poyerekeza ndi ya petulo, ndi 66 mpaka 69 peresenti ku Ulaya, 37 mpaka 45 peresenti ku China, ndi 19 mpaka 34 peresenti ku India. Ziwerengerozi zikutiuza zinthu ziwiri nthawi imodzi. Amene amati galimoto yamagetsi n'chimodzimodzi ndi ya petulo akulakwitsa, ngakhale kumene kuli malasha. Amene amati siiwononga konse mpweya nawonso akuwonjeza. Palinso china chimene sichitchulidwa kawirikawiri: galimoto ya petulo imatentha petulo mpaka kufa kwake, koma yamagetsi imanka niyera ngati dziko likutseka masiteshoni a malasha n'kumanga a dzuwa ndi mphepo.

Mpweya umene timapuma m'misewu

Kusintha kwa nyengo ndi nkhani imodzi, utsi wodwalitsa ndi ina, ngakhale kuti zonse zimatuluka pa ekizozi imodzi. Kuwonjezera pa kaboni, injini imatulutsa tinthu ting'onoting'ono tolowa m'mapapo ndi m'magazi, komanso mpweya wina woyabwa pachifuwa. Bungwe la World Health Organization linati mu 2019 mpweya woipa wa panja unachititsa kuti anthu pafupifupi 4.2 miliyoni amwalire nthawi yawo isanakwane. Si onse amene anaphedwa ndi utsi wa galimoto, koma m'mizinda gawo lake ndi lalikulu. Chikhulupiriro cha anthu pa dizilo chinagwa mu 2015 pamene zinaululika kuti Volkswagen inkaika m'galimoto zake pulogalamu yonamiza makina oyezera utsi.

Pa mbali iyi galimoto yamagetsi imapambana moonekeratu, ndipo opindula ndi amene amakhala kufupi ndi msewu tsiku lonse: ogulitsa malonda, apolisi apamsewu, ana oyenda pansi popita kusukulu. Komabe fumbi silitheratu. Matayala akamaperepeseka amasiya tizidutswa timene timauluka kapena kukokoledwa ndi mvula kupita m'mitsinje, ndipo galimoto yolemera imadya matayala msanga. Batire limailemeretsa galimoto. Mabuleki okha ndi amene amachedwa kutha, poti mota ndiyo imagwira ntchito yambiri yochepetsa liwiro. Ngakhale kusowa phokoso kuli ndi mbali ziwiri: mzinda umakhala chete, koma munthu wosaona samva galimoto ikubwera. N'chifukwa chake ku Ulaya kuyambira mu 2019 mitundu yatsopano ya galimotozi iyenera kutulutsa kaphokoso ikamayenda pang'onopang'ono.

Migodi: amene amalipira osaikwera galimotoyo

Walira mvula walira matope. Dziko likafuna mabatire mamiliyoni, lafunanso migodi, ndipo migodiyo ili m'malo ochepa.

Pafupifupi 70 peresenti ya cobalt wa padziko lonse, chimodzi mwa zitsulo zopangira batire, amachokera ku Democratic Republic of Congo, makamaka kuzungulira mzinda wa Kolwezi. Wambiri amakumbidwa ndi makampani akuluakulu, koma gawo lina limachokera kwa anthu okumba ndi manja, amene amalowa m'maenje opanda zochirikiza atanyamula tochi ndi fosholo. Maenjewo amagumuka. Mu 2016 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti loonetsa ana akutola ndi kutsuka miyalayi. Chovuta n'chakuti kungotseka migodi yotereyi sikuthetsa vuto, poti mabanja ambiri amadyera pomwepo. Tisaiwalenso kuti cobalt yemweyo ali m'foni zathu, ndiye mlanduwu si wa oyendetsa galimoto okha.

Lithium wambiri amachokera ku Australia, kumene amaswa miyala, ndi ku Chile, kumene amapopa madzi amchere pansi pa chipululu cha Atacama n'kuwayanika m'maiwe akuluakulu kwa chaka kapena kupitirira. Atacama ndi limodzi mwa malo ouma kwambiri padziko, ndipo eni nthaka a kumeneko akhala akudandaula kuti kupopaku kukusokoneza madzi awo ochepawo. Nickel woposa theka amachokera ku Indonesia, kumene nkhalango za pa zilumba za Sulawesi ndi Halmahera zikudulidwa, ndipo ng'anjo zoyengera zimayendera malasha. Ikafika pa kuyenga miyalayi ndi kupanga mabatire enieniwo, China ndiyo ili patsogolo kutalitali.

Mayiko okhala ndi miyalayi ayamba kukana kukhala okumba chabe. Indonesia inaletsa kutumiza kunja nickel wosayenga mu 2020, ndipo Zimbabwe, kumene kuli mgodi wa lithium wa Bikita, inachita zomwezo pa lithium kumapeto kwa 2022. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene nkhani ya galimoto zamagetsi ikukhudza Africa kwambiri, kuposa funso lakuti ndani aziyendetsa. Ngati miyala izingochoka yaiwisi, mafakitale ndi ntchito n'kumakhala kwina, ndiye kuti mbiri ya mkuwa ndi golide yangobwereza yokha.

Koma sikelo iyenera kukhala ndi mbale ziwiri. Petulo nayenso amakumbidwa. Anthu a ku Ogoniland m'dziko la Nigeria akhala zaka makumi ambiri ndi mitsinje yoipitsidwa ndi mafuta, ndipo lipoti la United Nations la mu 2011 linati kuyeretsa derali kungatenge zaka 25 mpaka 30. Mu 2010 makina okumbira mafuta pansi pa nyanja otchedwa Deepwater Horizon anaphulika n'kutayira mafuta m'nyanja ya Gulf of Mexico kwa miyezi pafupifupi itatu. Kusiyana kwake n'kwakuti mafuta amakumbidwa, kupsa kamodzi, n'kutha, mawa kukumbanso. Zitsulo za m'batire zimakumbidwa kamodzi n'kugwira ntchito zaka zambiri, ndipo batire likafa zitsulozo zimakhala zikadalimo.

Mabatire nawo akusintha. Mtundu wotchedwa LFP, umene makampani a ku China monga CATL ndi BYD aufalitsa kwambiri, ulibe cobalt kapena nickel. Ndi wotchipa, supsa msanga, koma umasunga mphamvu yocheperapo pa kilogalamu iliyonse. Ena ayamba kupanga a sodium, chinthu chopezeka mumchere wamba.

Batire likatopa

Batire limene latsala ndi mphamvu yokwana 70 kapena 80 peresenti silikhutiritsanso woyendetsa galimoto, koma silinafe. Lingathe kusunga magetsi a dzuwa panyumba kapena pafakitale kwa zaka zina. Likatheratu amaligaya n'kuchotsamo nickel, cobalt, mkuwa ndi lithium. Luso lake lilipo. Chimene chikuvuta ndi ndalama, makamaka pa mabatire a LFP amene zitsulo zake n'zotchipa moti wozichotsa sapezapo phindu lalikulu. Bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo mu 2023 lokakamiza opanga mabatire kusonkhanitsa akale ndi kugwiritsanso ntchito zitsulo zake.

Nkhawa yanga ili pa galimoto zakale. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe linawerenga kuti pakati pa 2015 ndi 2018, mayiko a ku Ulaya, United States ndi Japan anatumiza kunja galimoto zogwiritsidwa kale ntchito pafupifupi 14 miliyoni, ndipo zambiri zinapita ku mayiko osauka, makamaka a mu Africa. Galimoto zamagetsi zidzatsata njira yomweyo. Zikadzatero, batire lidzafera m'dziko limene lilibe fakitale yoligaya, m'manja mwa makaniko amene sanaphunzitsidwe kugwira magetsi a mavoti 400.

Galimoto ndi galimoto basi

Pali anthu ena amene sali mbali ya petulo kapena ya batire. Iwo amati vuto ndi kuchuluka kwa galimoto. Yamagetsi nayo imaima pamzere wa galimoto m'mawa, imafuna misewu ndi malo oimikapo, ndipo ikagunda munthu imapha. Kusuntha chitsulo cholemera matani awiri kuti chinyamule munthu mmodzi n'kuwononga, kaya chikuyendera chiyani. Amaloza ku Shenzhen, mzinda wa ku China umene pofika kumapeto kwa 2017 mabasi ake onse, oposa 16,000, anali amagetsi. Batire limodzi la basi limatumikira anthu mazanamazana pa tsiku. Njinga zamoto ndi timagalimoto ta matayala atatu toyendera magetsi, timene tafala ku India ndipo tikufalikira ku Kenya ndi Rwanda, timafuna kabatire kakang'ono kamene kangasinthidwe ndi kodzaza kale m'mphindi zochepa.

Palinso nkhani ya magetsi enieniwo ndi mtengo wogulira. M'mayiko ambiri galimoto yamagetsi ikadali yodula pogula ngakhale ili yotchipa poyendetsa, ndipo wokhala m'nyumba yopanda malo otchajira amavutika. Kumene magetsi amazimazima, funso limakula. Komabe Ethiopia mu 2024 inaletsa kulowetsa m'dzikomo galimoto za petulo ndi dizilo za anthu wamba. Chifukwa chake chachikulu chinali chuma: dzikolo limagula mafuta kunja ndi ndalama zakunja zimene ndi zosowa, pamene magetsi a madzi limapanga lokha.

Mafunso amene adakali poyera

Loyamba ndi la liwiro. Kodi masiteshoni a malasha atsekedwa msanga mofanana ndi mmene galimotozi zikuchulukira, ndipo mawaya ndi matiransifoma apirira anthu mamiliyoni akamatchaja madzulo nthawi imodzi? European Union inagwirizana mu 2023 kuti kuyambira mu 2035 galimoto zatsopano zisamatulutse kaboni, koma makampani ndi mayiko ena akukankha kuti lamuloli lifewetsedwe.

Lachiwiri ndi la munthu amene ali kale ndi galimoto ya petulo yoyenda bwino. Aitaye n'kugula yatsopano, kapena aiyendetse mpaka itathe? Yankho limasintha malinga ndi makilomita amene amayenda pa chaka ndiponso magetsi a m'dziko lake.

Maboma ambiri amakonza misewu ndi msonkho wa pa mafuta. Mafuta akasiya kugulidwa, ndalamazo zidzachokera kuti? Ogwira ntchito m'mafakitale a injini, m'magalaja ndi m'malo omwetsera mafuta adzapita kuti? Malole oyenda maulendo ataliatali, sitima zapamadzi ndi ndege zidzayendera batire, mpweya wa hydrogen kapena mafuta a mtundu wina?

Ndipo pali funso la ku Kolwezi, Bikita ndi Atacama: ndani adzaonetsetse kuti wokumba mwala akulandira malipiro oyenera, madzi a m'dera lake sakuipitsidwa, ndipo batire likadzafa libwerera kwa amene analipanga?